Chiphaso cha Bambo Trevisan ndi Buku la Mayi Fifita

MFUNDO ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YOYENDETSA KAMPANI YA TREVISAN NDI KEARNEY, AKATSWIRI OJAMBULA MAPULANI A NYUMBA

Tsiku: Lachitatu, 12 Juni 2024
Malo: Chipinda chojambuliramo, ku ofesi ya kampani, msewu wa Yambil, Griffith

Opezekapo:
Mayi Noelene Kearney, Wapampando, mkazi wa malemu Des Kearney amene anayambitsa nawo kampani
Bambo Dario Trevisan, woyendera malo amene akumangidwa
Mayi Salote Fifita, wojambula wamkulu
Bambo Gurmeet Sandhu, injiniya
Bambo Clive Pedler, Mlembi

Woitanidwa: Mayi Assunta Trevisan, mkazi wa Bambo Ennio Trevisan, mayi a Bambo Dario

Osabwera: Bambo Ennio Trevisan, mwini kampani komanso katswiri wake yekhayo wa chiphaso

1. KUTSEGULIRA

Wapampando anatsegulira msonkhano nthawi ya 10:05 m'mawa. Anati nkhani ndi imodzi yokha, ndipo anapempha kuti aliyense azilankhula kudzera kwa Wapampando. Pempholi linatsatidwa mpaka pa mfundo yachitatu. Mayi Trevisan anaika patebulo chitini cha mabisiketi a mtedza wa amondi.

2. MFUNDO ZA MSONKHANO WAPITAWO

Zinawerengedwa. Bambo Dario anapempha kuti mawu oti "akudwala" amene analembedwa pa dzina la bambo awo asinthidwe, akhale oti "akupumula". Anasinthidwa, ndipo mfundozo zinavomerezedwa.

3. KALATA YOCHOKERA KU BUNGWE LOPEREKA ZIPHASO

Mlembi anawerenga kalata ya bungwe la boma limene limapereka ziphaso kwa akatswiri ojambula mapulani. Kalatayo inati chiphaso cha Bambo Ennio Trevisan chitha pa 30 Juni. Kuti chipitirire, mwini wake ayenera kusaina kuti akugwirabe ntchito ndi nzeru zake zonse, ndiponso kuti chaka chino wachita maola makumi awiri a maphunziro odzikumbutsa. Inakumbutsanso kuti kampani imaloledwa kudzitcha ya akatswiri pokhapokha ili ndi munthu wa chiphaso woyang'anira ntchito zake. Popanda munthu wotero dzinalo liyenera kuchoka pachikwangwani ndi pamapepala, ndipo ntchito zofuna katswiri wa chiphaso ziyenera kupita kwina.

Wapampando anati anena poyera chimene aliyense m'chipindamo akuchidziwa. Anati Bambo Trevisan ali ndi zaka 81, akudwala matenda oiwala, ndipo anakwera masitepe a ofesi ino komaliza mu Meyi 2022. Kuyambira pamenepo mapulani amatengedwa kupita nawo kunyumba kwawo ku Yoogali kuti akasaine.

Bambo Sandhu anafunsa kuti ngati zili choncho, maphunziro a zaka ziwiri zapitazi anawachita ndani, popeza mapepala akuonetsa kuti maola anakwana. Kenaka Mayi Trevisan anati anawachita ndi iwo, ndipo anapempha kuti mawu awo alembedwe monga mmene awanenera:

"Ndimawaveka tayi, n'kuwakhazika kutsogolo kwa kompyuta. Iwo amayang'ana mpheta pawindo, ine ndimamvetsera n'kumalemba. Mafunso a kumapeto ndimayankha ndekha. Ndifunseni za denga losadontha, Gurmeet, kapena za kutalika kwa sitepe, ndikuyankhani pompano. Zaka 57 ndili pabanja osadziwa chimene amuna anga amachita tsiku lonse. Ndachidziwa tsopano, eni ake ataiwala."

Bambo Sandhu anati, "Ndiye chiphasocho angokupatsani inuyo, mayi, tizipita kwathu." Mayi Trevisan anaseka. Ena sanaseke.

Bambo Dario anati iwo zimenezi sankazidziwa. Mayi Trevisan anati, "Unkadziwa, mwanawe. Kompyutayo unabweretsa ndiwe."

4. GANIZO LA BAMBO DARIO TREVISAN

Wapampando anapempha Mlembi kuti afotokoze pamene nkhani ya Mayi Fifita yafika. Mlembi anati Mayi Fifita analowa ntchito mu 1996. Anamaliza digiri yawo mu 2021, atawerenga zaka khumi ndi chimodzi uku akugwira ntchito. Chatsala kuti alandire chiphaso chawo ndi mayeso a bungwe. Kuti aloledwe kulemba mayesowo ayenera kupereka buku la maola, losonyeza maola oposa zikwi zitatu amene agwira ntchito pansi pa diso la katswiri wa chiphaso. Katswiriyo amasaina tsamba lililonse, ndipo mwini buku amalumbira kuti zonse ndi zoona. Buku la Mayi Fifita ladzaza. Tsiku lomaliza kupereka lili m'mwezi wamawa.

Bambo Dario anapereka ganizo loti chiphaso cha bambo awo chiwonjezeredwe chaka chimodzi chokha, bambo awo asaine buku la Mayi Fifita, Mayi Fifita alembe mayeso, ndipo akakhoza alowe m'malo mwa bambo awo monga katswiri wa kampani. Anati:

"Ndani m'tauni muno sadziwa kuti amajambula ndi Salote? Funsani womanga aliyense. Sitikubera munthu. Tikungopempha chaka chimodzi kuti pepala lifanane ndi zimene zilipo kale. Dzanja la bambo lili bwinobwino. Dzina lawo amalilemba mokongola kutiposa tonse muno."

Bambo Sandhu anavomereza kuti ganizoli likambidwe. Anati silikuwakomera, koma lina sakuliona.

Wapampando anafunsa chimene chingachitikire buku la Mayi Fifita ngati kampani itauza bungwe zoona. Mlembi anawerenga ndondomeko ya bungwe ndipo anati mmene akuimvera, maola onse a pambuyo pa Meyi 2022 agwa, chifukwa panalibe katswiri amene ankayang'anadi ntchitoyo. Otsala sangafike ndi theka lomwe. Mayi Fifita angafunike kukadzaza otsalawo pansi pa katswiri wina, kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Bambo Dario anati, "Mwamva? Chilungamo chanucho chikugwera Salote. Inu, Noelene, mubwerera ku maluwa anu. Gurmeet alembedwa ntchito mawa lomwe. Ine nyundo ndimaitha. Wotsala padzuwa ndi amene wasenza ofesi ino pamutu."

Wapampando anati malemu amuna awo sakanavomera zoterezi. Bambo Dario anati malemu Des anamwalira asanafunsidwe funso lotere, choncho n'kosavuta kuwayankhira. Wapampando anati ayankha mawu amenewo kunja kwa msonkhano.

Mayi Trevisan anati atopa ndi kunama pa fomu yowonjezera chiphaso imene amadzaza chaka ndi chaka. Kenaka anatembenukira kwa Mayi Fifita, osadzera kwa Wapampando:

"Koma Salote, mwana wanga, ukati ndidzaze, ndidzaza. Kwa wansembe ndikaulula ndekha, iwe usadandaule. Ungonena."

5. YANKHO LA MAYI FIFITA

Mayi Fifita, amene anali asanalankhulepo, anatulutsa bukulo m'chikwama n'kuliika patebulo. Anati ndi losainidwa kale, masamba onse 41. Bambo Dario analitsegula, n'kuona, n'kuwomba m'manja kamodzi. Anati, "Ndiye tikuvutikiranji?"

Mayi Fifita anati anapita ku Yoogali Lolemba masana, Mayi Trevisan atapita kukagula mankhwala, ndipo sanauze munthu. Anapempha kuti asadulidwe pakamwa. Anati:

"Anandilandira bwino. Anandifunsa ngati ndadzagula malalanje. Ndinati, 'Ayi abwana, ndine Salote, wa ku ofesi.' Anati, 'Zoona, zoona, Salote,' koma maso awo sanandidziwe. Ndinawapatsa buku ndi cholembera. Anasaina tsamba ndi tsamba, osawerenga mzere ndi umodzi womwe. Buku litatha anakoka nyuzipepala n'kusainanso. Anasaina envulopu ya bilu ya magetsi. Kenaka anatambasula dzanja kuti ndiwapatse china.

"Awa ndi bambo amene anandibwezera pulani yanga yoyamba kasanu ndi kamodzi chifukwa cha ngalande ya padenga. Pensulo yawo yofiira ija, Dario, ukuikumbuka? Ndinkakalirira kuseri kwa kabati. Tsiku limene anasaina pulani yanga osalembapo chofiira ndinaimbira mayi anga kwathu ku Vava'u, ku zilumba za Tonga. Lolemba ndinakhala m'galimoto pageti pawo ola lathunthu, buku lili pamiyendo. Ndinalakwa kupitako. Ndinapita chifukwa ndinkadziwa kuti asaina."

Bambo Dario anati zonsezi ndi zachisoni, koma siginecha ndi siginecha, ndipo ntchito ya Mayi Fifita ilibe banga, kaya wina waiyang'ana kaya ayi.

Mayi Fifita anakumbutsa komiti za holo ya sukulu imene inatha mu Malichi. Anati pa pulani anajambula zitseko zothawira moto zotsegukira mkati m'malo mwa kunja. Pulaniyo inapita ku Yoogali, inasainidwa, n'kubwerera. Cholakwikacho anachiona ndi kalipentala, zitseko zili kale m'manja mwake.

Bambo Dario anati, "Zija zinakonzedwa tsiku lomwelo!"

Mayi Fifita anati, "Zinakonzedwa chifukwa kalipentala anali ndi maso. M'holo muja mumalowa ana mazana atatu. Abwana akale akanachiona asanakhale n'komwe pansi. Bukuli likunena kuti panali munthu kumbuyo kwanga woona zimene ine sindikuona. Panalibe munthu, Dario. Zaka ziwiri ndakhala ndekha, ndipo ndakhala ndi mantha tsiku lililonse."

Bambo Dario anati ulemu wa kutchalitchi sudyetsa munthu. Mayi Fifita anati, "Iwe, ndinakuphunzitsa kugwira tepi yoyezera ndine, usandiphunzitse za njala. Zaka 28 ndakhala ndikufuna nambala ya chiphaso changa pansi pa pulani. Ndikuifuna kuposa mmene iwe ukundifunira. Koma ndikaimirire n'kulumbira pa ichi? Ayi."

Kenaka anayankha Mayi Trevisan: "Amayi, musadzaze. Mwatichitira zokwanira."

Bambo Sandhu anafunsa kuti nanga maola otsalawo akawapeza kuti, popeza m'tauni muno mulibe katswiri wina wa chiphaso wofuna wojambula. Mayi Fifita anati anaimbira Mayi Imogen Sallis, amene ali ndi kampani yawo ku Wagga, ndipo avomera kuwalemba ntchito kuyambira Julayi. Azikhala kumeneko mkati mwa sabata n'kumabwera Loweruka.

Bambo Dario anati, "Imogen uti? Uja unkamuphunzitsa kupinda mapepala?"

Mayi Fifita anati, "Yemweyo. Amapinda bwino masiku ano."

Bambo Dario anati, "Uli ndi zaka 52, Salote. Ukamaliza udzakhala ndi 54, ngati maso akulola. Ukaimirire kumbuyo kwa mwana uja ndi buku lako, kumupempha kuti akusainire?"

Mayi Fifita anati eya.

Bambo Dario ananena mawu amene Wapampando analamula kuti asalembedwe, ndipo anatuluka. Anamveka akutsika masitepe. Msonkhano unaima mphindi zisanu ndi ziwiri. Atabwerera, maso ali ofiira, anati kunja kuli mphepo.

6. ZIMENE KOMITI INAGAMULA

Bambo Sandhu anati akuchotsa dzanja lawo pa ganizo lija. Bambo Dario anakana kulichotsa, ndipo anapempha kuti livoteredwe, zidziwike kuti panali munthu mmodzi amene anayesa. Ovomera: mmodzi. Okana: atatu. Wapampando sanavote. Ganizo linagwa.

Komiti inagwirizana izi:

(a) Chiphaso cha Bambo Ennio Trevisan chisawonjezeredwe. Wapampando alembere bungwe sabata ino, afotokoze zonse kuyambira Meyi 2022 popanda kubisa, ndipo afunse chimene chiyenera kuchitika pa mapulani amene anasainidwa m'nthawi imeneyo. Mayi Trevisan anapempha kuti za maphunziro zilembedwenso, dzina lawo likhalepo. Anati pa zaka 79 sakuopa kalata.

(b) Bambo Sandhu ndi katswiri wa chiphaso wochokera kunja aunikenso mapulani onse a m'nthawi imeneyo, kuyambira ndi nyumba zolowamo anthu ambiri.

(c) Dzina la ukatswiri lichoke pachikwangwani, pamapepala ndi pagalimoto pasanafike pa 30 Juni. Bambo Dario anati chikwangwanicho atsitsa okha, ndipo asapezeke wina wokwera makwerero.

(d) Eni ntchito zitatu zofuna katswiri wa chiphaso auzidwe, ndipo athandizidwe kupeza kwina.

(e) Kalata ya Mayi Fifita yotsanzika ntchito yalandiridwa. Tsiku lawo lomaliza ndi Lachisanu, 28 Juni.

Wapampando anafunsa kuti akauze Bambo Trevisan ndani. Mayi Trevisan anati asauzidwe, chifukwa adzamva kuwawa lero, n'kuiwala, n'kudzafunikanso kuuzidwa mawa. Anati m'mawa uliwonse akavala amafunsa kuti, "Salote wabweretsa mapulani?" ngakhale Lolemba lomwe lija anafunsa, Salote atangochoka. Mayi Fifita anati asiya bokosi la mapulani akale, kuti tsiku lililonse azipatsidwa imodzi pamodzi ndi pensulo.

Mayi Trevisan anafunsa ngati bukulo lili ndi ntchito ina. Mayi Fifita anati maola a nthawi imene Meyi 2022 anali asanafike akafunsa bungwe mmene angawachitire umboni mwanjira ina, koma buku lomweli salipereka. Mayi Trevisan anapempha kuti alitenge, popeza alibe pepala lina limene lili ndi dzanja la amuna awo kochuluka chotero. Analiika m'chikwama.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Bambo Sandhu anati chotenthetsera cha m'chipinda chojambuliramo chikununkhabe chopserera. Kenaka anati nkhaniyo ingodikira.

7.2 Bambo Dario anati Loweruka likudzali akupanga soseji za m'nyengo yozizira kwa mayi awo monga mwa chaka chilichonse, ndipo onse akuitanidwa. Anawonjezera, akuyang'ana tebulo, kuti mawu oti onse akutanthauza onse, ndipo wina asabwere ndi mpeni wobuntha ngati chaka chatha. Mayi Fifita anati mpeniwo unali wa Bambo Dario.

7.3 Wapampando anati m'makabati a ofesi ino muli mapulani oposa chikwi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene ili ndi dzina la Mayi Fifita. Anapempha kuti ntchito zawo zilembedwe mu mfundo zino. Mayi Fifita anati imeneyi si ntchito ya komiti, ndipo nthawi yatha. Wapampando anati ntchito ya komiti amanena ndi Wapampando.

Mlembi ananyamuka kuti akatenge kaundula. Bambo Dario anati asavutike, ndipo anayamba kutchula pamtima. Mlembi anafananiza ndi kaundula pambuyo pake, ndipo zaka zonse zinapezeka zolondola:

Holo ya mpingo wa anthu a ku Tonga, 1999.
Nyumba yolongedzera malalanje pa msewu wa ku Hillston, 2001, ndi kuikulitsa kwake, 2008.
Makalasi anayi ndi laibulale ya sukulu ya asisitere, 2003.
Khitchini yaikulu ya kachisi wa Asikhi, 2006. Bambo Sandhu anati utsi umatuluka bwino mpaka lero.
Kanyumba kopemphereramo kumanda, 2010, kumene mwambo wa malemu Des Kearney unachitikira.
Nyumba khumi ndi ziwiri za okalamba pafupi ndi ngalande yaikulu, 2013.
Malo osungirako ana, 2017.
Zipinda zosinthiramo zovala pa bwalo la mpira, za atsikana, 2019.
Holo ya sukulu, 2024, zitseko zake zotsegukira kunja.
Nyumba za mabanja 214.

Mayi Trevisan anati yatsala imodzi, ya chaka chatha: kanjira kotsetsereka ka pakhomo pawo ndi zogwirira za m'bafa. Mayi Fifita anati ija sinali ntchito ya kampani ndipo ilibe nambala. Wapampando analamula kuti ilembedwe.

Komiti ikuchitira umboni kuti mapulani onsewa, kupatula ya kanjira kotsetsereka, ali ndi dzina ndi nambala ya Bambo E. Trevisan, ndipo anawajambula ndi Mayi Salote Fifita.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Lachitatu, 10 Julayi 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'chipinda chomwechi. Mlembi anadziwitsa komiti kuti mutu wa mfundo za tsikulo udzakhala wofupikirapo popeza dzina la ukatswiri lidzakhala litachoka, ndipo mamembala adzakhala anayi.

9. KUTSEKA

Wapampando anafunsa ngati alipo wofuna kunenanso kanthu. Panalibe. Anatseka msonkhano nthawi ya 12:20 masana.

Zasainidwa kuti ndi zoona, osaina atawerenga tsamba lililonse:

N. Kearney, Wapampando ______________________

C. Pedler, Mlembi ______________________